Polishi Wofiira pa Bwalo la Tenesi

Linali Loweruka lomaliza la mwezi wa Okutobala, nthawi itangokwana 7 koloko m'mawa, pamene ine ndi mwana wanga wamkazi tinatsika minibasi ku Liwonde kuchokera kwathu ku Balaka. Iye anabereka chikwama cha kusukulu, chogwirira cha laketi chitasuzumira panja. Ine ndinanyamula madzi ndi nthochi. Dzuwa linali litayamba kale kuluma m'khosi, monga limachitira kumeneko mvula isanagwe.

Tsiku limenelo mwanayo ankasewera ndime yomaliza ya mpikisano wa tenesi wa atsikana. Wopambana ankatengedwa kukalowa timu ya achinyamata ya chigawo chathu. Kwa iye chinali chaka chomaliza, chifukwa chaka chotsatira akanakhala atapyola msinkhu. Mwayi wake unali womwewo basi.

Tenesi ndinaiphunzira ndili ku sekondale, kwa mphunzitsi wina amene ankasunga malaketi akale m'kabati ya mabuku. Nditamaliza sukulu ndinatsegula kashopu ka zipangizo za njinga, ndipo tenesi ndinaiiwala. Anandikumbutsa ndi mwanayu, tsiku lina atapeza laketi yanga pamwamba pa wodilopu n'kuyamba kufunsa ntchito yake. Tinayambira pa khoma la nyumba ina yosungiramo thonje, madzulo anthu akaweruka. Mzere wa neti ndinaulemba ndi khala. Akabaza odutsa ankatiseka kuti bambo a njinga akuphunzitsa mwana kupha ntchentche. Tinapitiriza choncho kwa zaka, mpaka mwanayo anafika pondithamangitsa ine amene ndinamuphunzitsa.

Chaka chimenecho kunalinso nkhani ina imene inatentha kuposa tenesi. Masewera a achinyamata a chigawo chonse ankafuna malo oti adzachitikire chaka chotsatira. Anthu a ku Liwonde ankawafuna, a ku Balaka nawonso ankawafuna. Panali alendo atatu amene ankayendera matauni kuti asankhe, ndipo Loweruka limenelo linali tsiku la Liwonde. Amalonda ndi aphunzitsi ena a kumeneko anapanga komiti yokopa masewerawo. Wapampando wake anali alamu anga, mchimwene wa mkazi wanga, amene amagulitsa mpunga ndi nsomba zouma. Ndi munthu wodziwa kulandira alendo. Pa zimenezo sindiwatsutsa.

Ndime zoyambirira zinachitika Lachinayi ndi Lachisanu pa bwalo lomwelo, ndipo ndinalipo. Ndi bwalo lakale la simenti, lotuwa, lokhakhala, la ming'alu yomera udzu m'mbali. Silokongola, koma phazi limagwira. Mwana wanga anapambana masewero ake onse pamenepo, tinkabwerera ku Balaka madzulo chifukwa kwa amalume ake kunali kodzaza ndi mapoto a zophikira alendo.

Titakhota kuseri kwa holo kumene kuli bwalolo, tinapeza malo asintha. Miyala ya m'mbali mwa njira inali itapakidwa njereza, mitengo ya mango nayonso mpaka m'chiuno. Anali atakhoma tenti n'kuikamo masofa obwereka m'nyumba za anthu. Zonsezo n'zachizolowezi kukamabwera akuluakulu. Chimene chinandiimitsa ndi fungo. Linali fungo la khonde la nyumba Loweruka m'mawa.

Bwalo lonse linali psuu, likunyezimira. Mizere yoyera anali ataibwereza ndi penti. Amayi angapo anali adakali pamenepo, aliyense bulashi kuphazi, akukwecha uku akuyimba chapansipansi. Ndinapondapo ndi phazi limodzi, ndipo linapita lokha kutsogolo.

"Musapondepo bambo, mutidetsera," anatero mayi wina wachikulire.

"Mwapaka chiyani apa, mayi?"

"Polishi. Tayamba kusanache. Apampando anati liwale ngati khonde la nyumba yofikira akwati. Tapaka, tapukuta, tapakanso."

Ananena monyadira, thukuta likutsika m'masaya. Amayiwo sindinawakwiyire nthawi imeneyo, ndipo sindiwakwiyira lero. Anachita zimene aliyense wa ife amachita pa simenti ya kunyumba kwake akamva kuti kukubwera alendo. Palibe amene anawauza kuti pamenepa pathamanga ana.

Alamu anga anatulukira atavala mkanjo woyera ndi chisoti chopeta, foni ili kukhutu. Atandiona anaidula.

"Alamu, mwafika? Taonani ntchito. Ku Balaka muli nalo lotere?"

"Alamu, uyu ndi polishi."

"Nanga inu mumati ndi phwetekere?"

"Ana sangasewerepo. Pakuterera."

"Kodi simuonera TV? Mabwalo a tenesi akunja onse ndi ofiira."

"Amene aja ndi dothi, alamu. Ndi njerwa zopera."

"Ndiye mukufuna alendo tiwaonetse dothi? Dothi aliona kale m'njira monsemu."

Anthu a komiti amene anaima kumbuyo kwawo anaseka. Ine sindinaseke. Ndinawauza kuti vutolo likhoza kutha. Mabulashi analipo kale, mchenga unali pafupi, sopo waufa ali m'magolosale onse. Tikanakwecha tonse, amuna ndi akazi, pofika dzuwa lili pamutu bwalo likanauma, ana n'kusewera. Ndinati ine ndiyamba.

Alamu anandiyang'ana ngati ndatukwana. Anati alendo adutsa kale pa Domasi. Anati akafika aonera tenesi, kenako apita ku bwalo la mpira wamiyendo, kenako akadya chambo m'mbali mwa Shire ndi kukwera boti kukaona mvuu, ndipo zonsezo zili ndi nthawi yake. Anati sangalole kuti alendo apeze anthu akuthira mchenga pamalo amene amayi alawirira kupukuta.

Kenako anakweza mawu kuti onse amve.

"Komatu tikudziwa kuti ku Balaka akuwafunanso masewerawa. Tiuzeni alamu, akutumani?"

"Sindinatumidwe ndi munthu."

"Dzulo simunadandaule. Lero lokha, tsiku la alendo, ndiye bwalo lathu laipa."

"Dzulo panalibe polishi."

"Nsanje ya kwawo imeneyo," wina anatero kumbuyo, ndipo anasekanso.

Kuyambira pamenepo chilichonse chimene ndinanena chinkamveka ngati mawu a Balaka. Nkhani ya kumene masewerawo adzachitikire ine ndinalibe nayo ntchito. Akanawapititsa ngakhale ku Ngokwe, ine ndikanagona tulo. Koma munthu akakuveka chifukwa choipa pagulu, kuchivula kumavuta.

Ndinapita kwa woyimbira masewero, mphunzitsi wachinyamata wa ku Liwonde komweko amenenso anali m'komiti. Anayenda pabwalopo ngati munthu wowoloka mtsinje pa miyala ya ndere. Atabwerera anayang'ana kaye kwa alamu anga, kenako anati, "Pakuterera pang'ono, koma onse awiri aterera mofanana."

Munthu mmodzi amene akanaletsa zimenezi ndi mphunzitsi wa timu ya chigawo, amene ana amangoti akochi. Ndiye ankayenera kudzaona atsikanawo ndi kutenga wopambana. Koma iwo sankayenda pa galimoto ya alendo. Ankabwera pa minibasi kuchokera ku Blantyre, ndipo anaimba foni kuti adakali pa Zomba, minibasi ikudikira kudzaza. Ndinapempha kuti tiwadikire. Alamu anati alendo sadikira minibasi.

"Ndiye mwana wanga sasewera," ndinatero.

Woyimbira uja anati ngati salowa pa nthawi yake, mnzakeyo wapambana osasewera, ndipo ndi amene apite ku timu. Alamu anandigwira paphewa, ngati tikucheza.

"Komanso alamu, musaiwale. Mwanayu ndi wa mbumba yanga. Ine ndine malume. Asewera."

Mwambo wathu ndimaudziwa, ndipo ndimaulemekeza. Pa maliro, pa chinkhoswe, pa nkhani za minda, mawu a malume amalemera kuposa anga, ndipo sindinayambe ndalimbanapo nawo. Koma zaka zonse zimene tinkamenya mpira pa khoma la thonje lija, amalume sanabwerepo kudzatola ngakhale mpira umodzi wogwera m'ngalande. Umalume wawo anaukumbukira tsiku limene anafuna mwana woti athamange pamaso pa alendo.

Mwanayo anali atamva zonse. Anandikokera pansi pa mtengo wa mango.

"Ababa, ndikapanda kusewera ndaluza kale. Ndikasewera mwina ndipambana."

"Ukhoza kuvulala."

"Ndiziponda pang'onopang'ono."

"Tenesi samasewera pang'onopang'ono."

"Si inu mumati mpira uzipita kumene mnzako kulibe? Ine ndiima pakati. Azithamanga ndi iyeyo."

Anamwetulira, n'kuyamba kupukusa nsapato zake mumchenga kuti zigwire. Nsapatozo tinazigula pa kaunjika, koma ndinazisankha ndekha, ndipo kunsi kwake kunali mano onse. Sindinamuletse. Anali wamkulu mokwanira kusankha. Amene ndimawaimba mlandu ndi amene anamuika poti asankhe pakati pa mwayi wake ndi mafupa ake.

Alendo anafika pa galimoto yoyera, amayi anawalandira ndi nyimbo, n'kuwakhazika pa masofa. Tenti inali chapatali ndithu ndi bwalo. Mmodzi wa alendowo, mayi wovala magalasi, ananena mokweza kuti sanayembekezere kupeza bwalo lokongola chonchi. Alamu anatembenuka kundiyang'ana kuti aone ngati ndamva.

Wopikisana ndi mwana wanga anali mtsikana wa ku Ntaja wophunzira pa sekondale ina ku Liwonde, wamfupi, wochenjera. Onse awiri anayamba mwamantha, mapazi atatang'adza, osanyamula miyendo. Mtsikana wa ku Ntaja anaterereka n'kukhala pansi kumayambiriro komwe, ndipo anthu anaseka ngati ali ku sewero. Anadzuka siketi itafiira. Dzuwa linkakwera, polishi n'kumafewa. Mipira yachikasu inasanduka yofiirira, ndipo ikagunda pansi inkathawa chotsetsereka m'malo modumpha. Aliyense wodziwa tenesi akanaona kuti apa palibe tenesi. M'tenti munalibe woidziwa.

Mwana wanga anachita zimene ananena. Anaima pakati, n'kumaponya mipira m'makona, ndipo anatsogola. Ndinayamba kuganiza kuti mwina tipulumuka. Kenako mtsikana wa ku Ntaja anagwetsa mpira waufupi kuseri kwa neti. Ndi mpira umene ndinaphunzitsa mwana wanga kuuthamangira osaganiza, tsiku ndi tsiku, pa khoma lija. Miyendo yake inachita zimene inaphunzira. Anathamanga, anaufika, koma pofuna kuima mapazi onse awiri anapitirira. Anagwa chagada, dzanja lamanja lili kumbuyo kuti adzitchinjirize. Ndinamva kulira ngati phesi louma la chimanga.

Sanakuwe. Anakhala tsonga atagwira mkono, akuuyang'ana. Woyamba kumufika anali mtsikana wa ku Ntaja, amene anazungulira neti akugwira chingwe. Ine ndinadutsa pakati pa bwalo, ndinatsala pang'ono kugwa, ndipo ena anasekanso. Dzanja linali litapindika pamalo posayenera, pafupi ndi mfundo, ndipo linayamba kutupa tikuona.

Pamene tinkamudzutsa, ndinamva mawu a alamu anga pa chimkuzamawu.

"Alendo athu olemekezeka, palibe chovuta. Mwana wangopunthwa pang'ono. Zimachitika m'masewera. Tiwombe m'manja chifukwa cha atsikana athu."

Anthu anawomba m'manja. Alamu anakodola gulu la beni limene linkadikira kuseri kwa holo, ng'oma zinayamba, ndipo maso onse anapita kumeneko. Analengezanso kuti ndime yomaliza ya anyamata yaimitsidwa chifukwa cha kutentha. Anyamata a komiti anayala mikeka pabwalo ponse n'kuikapo mipando ndi tebulo la mphatso. Apa ndi pamene ndinadziwa kuti alamu anamvetsa bwino lomwe chimene chagwetsa mwanayo. Munthu amene akukhulupirira kuti mwana wangopunthwa sayala mikeka.

Ndinawapeza kumbuyo kwa tenti.

"Alamu, galimoto. Dzanja lathyoka."

Pikapu yawo inali pomwepo pansi pa mtengo, yotsukidwa, itamangidwa maliboni.

"Imeneyo ili ndi ntchito. Iperekeza alendo ku mpira ndi kumtsinje."

"Chipatala si patali. Ipita n'kubwera."

"Ngati si patali ndiye kwerani njinga yamoto." Anatsitsa mawu. "Ndipo mutulukire kuseri uku. Musadutse kutsogolo kwa tenti."

Ndinawayang'ana. Iwo anayang'ana foni. Mwana wa mlongo wawo anali ataima pomwepo, milomo itatuwa, atanyamula dzanja lake ndi dzanja linzake. M'mawa womwewo anali wa mbumba yawo. Tsopano anali chinthu choti chidutse kuseri.

Tinadutsadi kuseri, chifukwa njinga zamoto zimaima kumeneko ndipo mwanayo ankamva ululu. Ndinamukhazika pakati, ine kumbuyo nditamugwirira chigongono. Pa bampu iliyonse ankaluma kolala ya malaya ake. Ng'oma za beni tinkazimvabe mpaka titafika pamsewu wa tala.

Kuchipatala anamujambula n'kupeza kuti fupa lathyoka pafupi ndi mfundo ya dzanja. Analiwongola, anamuika chikhakha, ndipo anati agone konko kuti aone kutupako. Mkazi wanga anafika masana kuchokera ku Balaka. Mwanayo atangotha kulankhula bwino, funso lake loyamba silinali la dzanja.

"Ababa, akochi anafika?"

Ndinati sindikudziwa.

Alamu anabwera dzuwa litapendeka, alendo atapita. Anabweretsa zakumwa ndi mabisiketi, anapereka pepani kwa mwanayo, kenako anatiitanira pakhonde ine ndi mkazi wanga. Anati akochi anafika mwambo uli mkati, ndipo anafunsa chimene chachitika.

"Ndawauza kuti ndi nsapato. Za pa kaunjika, zakutha kunsi. Akakuimbirani, alamu, munene zomwezo."

"Nsapato zake n'zabwino."

"Sindikukana. Koma akochiwo amakhala pamodzi ndi alendo aja pokambirana. Akamva za polishi, masewera tataya. Mukudziwa chimene masewerawa abweretse kuno? Magetsi pabwalo, msewu wa kumsika, malonda. Apindula ndi ana ambiri, osati mmodzi. Dzanja lipola, Inshallah."

"Achimwene," anatero mkazi wanga, "ndi dzanja lake lamanja."

"Mlongo wanga, izi n'za tauni. Tisiye amuna tikambe."

Sindikunena kuti alamu ankanama za magetsi ndi msewu. Amaikondadi tauni yawo. Koma anandipempha kuti ndivomereze pamaso pa anthu kuti ine, bambo wake, ndinatumiza mwana ku mpikisano ndi nsapato zakutha, kuti polishi wawo akhale wosalakwa.

"Sindinena bodza," ndinatero.

"Ndiye mwasankha Balaka."

"Iyayi. Ndasankha mwana wa mbumba yanu."

Alamu anatembenuka. Anatsika masitepe n'kupita ku pikapu yawo, imene tsopano inali ndi mpata wofika kuchipatala.

Ndikanatha kungokhala chete, osanena bodza, osanenanso zoona. Ndinali nditayamba kuganiza choncho, chifukwa cha mkazi wanga, amene abale ake onse ali ku Liwonde. Koma chakumadzulo kunabwera mtsikana wa ku Ntaja, atasintha zovala, chikho chimene anapambana atachisiya kusukulu. Anakhala m'mphepete mwa bedi, akuchita manyazi ngati walakwa ndi iye.

"Unali kundiwina," anauza mwana wanga.

"Ndipo ndikanakumaliza. Mpira wako waufupi uja ndi waufiti."

Anaseka onse awiri, wina akugwira chikhakha. Kenako mtsikanayo anatembenukira kwa ine. Anati akochi atamupatsa moni, anafunsa za mnzake amene anavulala, chifukwa anamva kuti amasewera bwino. Anati nthawi zina amatenga atsikana awiri akaona kuti wachiwiriyo ndi woyenera. Koma apampando atanena za nsapato, akochi anapukusa mutu n'kunena kuti wosewera amene sasamala za kuphazi kwake ndiye kuti sanakonzeke. Iye anafuna kunena za polishi, koma aphunzitsi ake, woyimbira uja, anamuyang'ana, ndiye anangokhala chete. Bwalo akochi sanalione, linali pansi pa mikeka. Anati agona ku nyumba ina ya alendo pafupi ndi depoti, ndipo anyamuka ndi minibasi zoyambirira.

Choncho bodza la alamu silinali longoteteza tauni. Linali litatseka khomo lomaliza limene mwanayo anali nalo. Anamuthyola dzanja m'mawa, masana n'kumuchotsera mbiri ya wosewera wosamala, ndipo madzulo n'kumubweretsera mabisiketi.

Mtsikanayo atapita, ine ndi mkazi wanga tinakhala pa benchi ya panja.

"Mukakanena," anatero, "kwathu kuno sitidzapondako bwino."

"Ndikudziwa."

"Achimwene sadzakhululuka. Adzauza aliyense kuti munawagulitsa."

"Ndikudziwanso."

Anaimirira. Kenako analowa m'wodi, anatulutsa nsapato za mwanayo pansi pa bedi, anaziika m'jumbo, anamanga, n'kundiika pamiyendo. Anabwerera kukakhala ndi mwana wake. Ine ndinakagona kwa mnzanga wina wokonza njinga.

Kuti ndisasiye nkhani ya masewerawo m'malere: sanabwere ku Liwonde, sanabwerenso ku Balaka. Anapita kwina. Chifukwa chake sindinauzidwe, ndipo mwina chinali cha malo ogona kapena china chimene ine sindikuchidziwa. Koma alamu anga mpaka lero amauza anthu kuti ndine. Pa maliro timakhala mbali zosiyana. Nkhani ya polishi sanaitchulepo n'kamodzi komwe pamaso panga, ndipo kuti pepani ndinalakwa sanandiuzepo. Izi zimandiwawabe kuposa mmene ndimaonetsera.

M'mawa mwake, Lamulungu, ndinafika pa depoti kukungoyera. Oitanira minibasi anali atayamba kale kukanganirana anthu. Akochi sindinkawadziwa nkhope, koma sizinavute: panali bambo mmodzi yekha wamtali, wa imvi, amene ananyamula chikwama cha malaketi. Anali akumwa tiyi ataimirira, akudikira minibasi ya ku Blantyre.

Ndinawapatsa moni n'kunena kuti ndine bambo wa mtsikana amene anathyoka dzanja.

"Pepani kwambiri," anatero. "Ali bwanji? Koma bambo, nkhani ya nsapato muziisamala. Mwana sangalowe fainolo ndi nsapato zakutha."

Ndinamasula jumbo, ndinatulutsa nsapato imodzi n'kuwapatsa chogadamiza. Mano ake onse analipo, koma m'mipata monse munali mutadzaza phala lofiira. Anaika kapu pansi. Anapalapo ndi chikhadabo, anayang'ana chala chawo, kenako ananunkhiza.

"Uyu ndi polishi wa pakhonde."

"Eya."

"Anaponda kuti?"

"Pabwalo. Analipaka lonse dzulo m'mawa, chifukwa cha alendo."

"Pansi pa mikeka paja?"

"Pomwepo."

Anaitembenuzatembenuza nsapatoyo. Anafunsa ngati panali amene anachenjeza masewero asanayambe. Ndinati ndinachenjeza, ndipo ndinauzidwa kuti ndatumidwa ndi a ku Balaka. Anafunsa kuti wapampandoyo ndimamudziwa. Ndinati ndi malume wake wa mwanayo. Anandiyang'ana, n'kuyang'ananso nsapato.

"Sindikulonjezani malo," anatero. "Koma chikhakha akachotsa, dzanja likalimba, mubwere naye. Ndidzamuona ndekha, pa bwalo langa." Anandiuza nambala yawo, ndinaisunga mufoni. "Komanso nsapato iyi ndikufuna ndipite nayo. Anzanga osankha tauni aja ayenera kuiona. Pa masewera amene akukambidwawo padzathamanga ana a anthu ambiri. Koma ndi yanu, mukhoza kukana."

Kondakitala anali akumenya chitseko cha minibasi kuti anthu akwere. Ndinadziwa kumene nsapatoyo ikupita, ndiponso dzina limene ndidzakhale nalo ku Liwonde ikakafika. Ndinawauza kuti aitenge. Anaikulunga m'nyuzipepala n'kuilowetsa m'chikwama cha malaketi.

Minibasi itanyamuka ndinagula mandasi otentha kwa mayi wina pa geti. Ndinamanganso jumbo ija, muli nsapato imodzi, n'kuyamba kuyenda wapansi kupita kuchipatala kukauza mwanayo kuti dzanja lakelo alisamale, chifukwa pali munthu amene akufuna kudzaliona likusewera.